Pakhonde pa Azakhali: Kulipira Lendi Kuti Ukasonkhe Moto



Ndine mayi wa zaka 31, wa ana awiri, ndipo ndimagwira ntchito kubanki ina mu Limbe. Mwezi wa June amuna anga anandiuza kuti ndilongedze kachikwama, ana tikawasiye kwa achemwali awo, ati andikonzera zodabwitsa pokumbukira kuti tatha zaka zisanu tili m'banja. Ine mumtima ndinati basi, kunyanja kumeneku. Ndinagula ndi chovala chosambira chomwe. Galimoto italunjika msewu wa ku Zomba ndinati Mangochi uja ndi ameneyu, koma titalowa m'tauni ya Zomba anakhotera kumanzere n'kuyamba kukwera phiri.

Kumene tinakafikira ndi kanyumba kakale ka m'nkhalango ya paini, kamene eni ake anakakonza dala kuti zonse zizioneka ngati za m'ma 1970. Magetsi mulibe. Muli nyale za palafini, chitofu cha nkhuni, simbi ya makala, wailesi ya Nzeru yosalankhula, gumbagumba ya mabatire ndi mbale za Jim Reeves, ndi makapu achitsulo ogumuka m'milomo. Kuti usambe madzi otentha mpaka usonkhe moto pansi pa mgolo kuseri. Netiweki mpaka ukwere pachulu. Ndalama zimene analipira masiku atatuwo ndi lendi yathu ya mwezi wathunthu.

Amuna anga anakulira ku Namiwawa, zinthu zimenezi kwa iwo ndi zidole. Ine ndinakulira kumudzi ku Phalombe, mayeso a Sitandade 8 ndinawerengera pa koloboyi. Nyale itawakanika ndinayatsa ndine. Chitofu chitawafukira m'maso ndinasonkha ndine. Kuphika ine, madzi osamba ine. Masiku onse atatu manja anga ali bii ndi mwaye, iwo ali pampando wandalema akujambula zithunzi. Ndinakwiya koma sindinanene, usiku ndinkagona choyang'ana kukhoma, akandifunsa ndinkati mutu. Pano akuuza anzawo kuti ulendo ngati umenewo sanayendepo, ndipo akufuna tikabwererenso pa Khirisimasi ndi ana omwe. Kodi ndine wosayamika? Ndiwakanire bwanji?

Wopsa mtima, ku Chigumula

Mwana wanga, tisanapite patali, chovala chosambiracho chinathera kuti? Ndaseka ndekha pakhonde pano mpaka mdzukulu wanga watuluka kudzaona ngati agogo ake zawasokonekera. Ndikungokuona m'maganizo uli pamwamba pa phiri la Zomba mwezi wa June, nkhungu ili mbuu, chiperoni chikuwaza, mano akulumana, kansalu kako kosakwana n'kupukutira mbale komwe kali phee pansi pa chikwama. Safunsa anadya phula. Mwamuna akati longedza ndakukonzera zodabwitsa, mkazi wochenjera amafunsa funso limodzi lokha: kumeneko n'kotentha kapena n'kozizira? Chinsinsi chake sichitayika ndi kafunso kameneko.

Komatu dziko lafika pena. Kunyumba magetsi akangothima, inu ana a masiku ano mumadandaula ngati kwagwa maliro. Mdima womwewo wina akaunyamula n'kukauika m'nkhalango, n'kuupachikira makatani a maluwa, mumatulutsa ndalama ya lendi mukumwetulira, n'kuthokozanso pamwamba. Ndikanadziwa kuti makapu ogumuka adzasanduka chuma, anga sindikanawapereka kukhola kuti nkhuku zizimwera. Simbi ya malemu mayi anga ili pansi pa bedi panopa, ikungopunthwitsa makoswe. Kani ndikugonera ndalama osadziwa.

Kuseka kuthere pomwepa, chifukwa ndamva pamene pakukupweteka.

Tinyumba ta paphiripo ndimatidziwa kuposa mmene ukuganizira. Zomba ndiye linali likulu la dziko lino mpaka 1975 pamene boma linasamukira ku Lilongwe, ndipo kuyambira nthawi ya atsamunda mabwana a boma ankakonda kuthawira pamwambapo kukapuma, kusiya kutentha ndi udzudzu m'munsi. Phirilo ndi lalitali, nsonga yake imapitirira mamita 2,000, n'chifukwa chake kumazizira chotero. Malemu bambo anga anali khukhi wa mzungu wina wa boma, ndipo bwana akamakwera phiri iwo ankakwera nawo, kumbuyo kwa galimoto pamodzi ndi mabokosi. Ine ndili kamtsikana ndinapitako nawo kawiri kukathandiza kutola nkhuni.

Ndikuuze mmene moyo wokoma wakalewo unkayendera. Tambala woyamba asanalire bambo anali atadzuka kale, akusonkha moto pansi pa mgolo kuti dona akadzuka apeze madzi otentha pampopi. Akatero akoleze chitofu, poti chitofu cha nkhuni sichimva changu, chimafuna kuchinyengerera ngati mwana wodwala. Masana akhale pansi ndi nyale zonse, achotse magalasi, apukute mwaye ndi nyuzipepala yakale, adule zingwe ndi sizasi kuti zilingane, athire palafini. Madzulo asite malaya oyera, simbi akuikupiza uku ndi uku kuti makala ayake, mtima uli m'mwamba, chifukwa kakhala kamodzi kakangogwera pakolala ndiye kuti malipiro a mwezi umenewo adulidwa. Nthawi yonseyo bwana ali pampando wandalema, buku lili pamimba, akuyamikira mphepo ya m'phiri. Sankanama, kunkakomadi. Kunkakoma chifukwa kuseri kunali boyizikota, ndipo m'boyizikotamo munali munthu.

Tsono eni kanyumba kamene munagonamoko anatolera zakale zonse, nyale, chitofu, mpando, gumbagumba, koma anaiwala khukhi. Malo ake anangotsala apululu, ndiye unafika iwe n'kulowapo. Akamwini angawo anagula mpando wa bwana, iwe unalandira ntchito ya bambo anga, yopanda ndi malipiro omwe, pa chikumbutso cha ukwati wako. Ndiye ukundifunsa ngati ndiwe wosayamika? Ayi mwana wanga. Ngakhale ine ndikanafufuma ngati mtanda wa mandasi.

Komano sendera kuno ndikukoke khutu pang'ono. Ntchito imeneyo anakulemba ndani? M'kalata yako sindikuona pamene amuna ako anati, “Akazi anga, tasonkhani moto.” Ndikuona munthu atagwada pachitofu, misozi ya utsi ili chuchuchu, akuyesetsa, ndiye iwe mtima osapirira kuona machesi akutha, n'kuwalanda bokosi. Madzi saiwala khwawa. Manja ako anakumbukira za ku Phalombe mutu usanaganize. Ukanangokhala pampandopo, miyendo utasanjikiza, n'kumawalangiza ndi pakamwa kuti ayambe ndi tinkhuni tating'ono, zikuni zibwere pambuyo, bwenzi pofika tsiku lachiwiri akuyatsa okha n'kumayenda chotukumula ngati apha mkango. Mwamuna ukamulanda ntchito kamodzi chifukwa akuigwira mochedwa, wamupatsa tchuthi cha moyo wonse. Malemu ankolo ako ndinawalanda mpeni tsiku lina nditaona akusenda mbatata ngati akusema mpini. Zaka 41 zimene tinakhala limodzi sanaugwirenso mpeniwo, ati inu mumatha bwino.

Ndiye za mutu zija. Mutu umenewo ndimaudziwa, ndinadwalapo nanenso, sumva Panado. Koma amuna ako si asing'anga kuti aombeze ula n'kudziwa chimene chakutsekereza pakhosi. Iwo anaona mkazi wawo akuyatsa nyale ndi ndodo imodzi ya machesi, anati eee, ndinakwatira katswiri, ndipo akusangalala. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Chinanso, anthu amakwera phiri limenelo mwezi wa June akudziwa bwino lomwe kuti bulangete limodzi silikwana, lachiwiri ndi mnzako. Kuzizira kodula chotero iwe unakuwonongera kukhoma. Khomalo linakufunditsa? Ndisiyire pomwepa, poti tsamba lino amawerenganso abusa.

Funso limene likundisowetsa mtendere ndi ili: pa zaka zisanu zimenezi, unawasimbirapo amuna ako za koloboyi uja? Zoti unakulira kumudzi akudziwa, anafika konko pa chinkhoswe. Ndikunena kuwasimbira bwinobwino: kachitini kokhala ndi chingwe chong'amba ku bulangete lakutha, lawi longa njere ya chimanga, kuwerama mpaka tsitsi kuwauka, m'mawa kudzuka m'mphuno muli bii, mayi ako akukuwa ali kuchipinda kuti zimitsa palafini atha, iwe masamu asanathe. Kwa iwe fungo la palafini ndi fungo la kusowa. Kwa iwo, amene anakula akungodina pakhoma kuwala n'kubwera, ndi fungo la m'mafilimu. Ndikukayika ngati unawauza. Ambiri a inu ana anga amene mwakwera mumabisa kumene munachokera ngati chilonda cha m'khwapa. Zikhadabo zopenta, Chingerezi cha m'mphuno, ndiye ukakumana ndi simbi ya makala umadzidzimuka ngati wakumana ndi munthu wodziwa dzina lako la paubwana pakati pa anzako a kuntchito. Mkwiyo wako wina unachokera pamenepo, usandikanire. Koma chochititsa manyazi palibe, mwana wanga. Amene anakufikitsa kubankiko ndi koloboyi yemweyo, ndipo mwamuna amene amagona nawe ayenera kumudziwa.

Pamwamba pa phiri la Zomba pomwepo pali malo amene amati Emperor's View, pokumbukira Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, amene anabwera kudzacheza kuno mu 1965. Chapafupi pali Queen's View, pokumbukira mayi ake a Mfumukazi Elizabeth amene anafika mu 1957. Kukakhala kopanda nkhungu, ukaima pamenepo umaona nyanja ya Chilwa, chigwa cha Phalombe chili yalaa, ndi phiri la Mulanje lili njo kutsogolo. Kwanu kunali pansi pa mapazi ako. Mafumu anachokera kumaiko akutali kudzasuzumira kumene iwe unabadwira, ndipo unali ndi mwayi wowagwira dzanja amuna ako n'kuloza kuti, “Mukuona uko? Ndi kumene ndinkatunga madzi.” Iwe nthawi imeneyo unali m'khitchini ukukangana ndi mapoto.

Akamwini angawo usawaweruze mopitirira. Makalata ambiri amene ndimalandira ndi a amayi amene amuna awo tsiku la chikumbutso amalikumbukira ali kubala, ngati alikumbukira n'komwe. Ako anasunga ndalama mwakachetechete, anapeza kosiya ana, n'kusankha malo opanda netiweki. Taganiza bwino pamenepo. Mwamuna wa zibwenzi sapita dala kumene foni siigwira. Munthuyu ankafuna madzulo atatu oti iwe usayang'ane foni, iwonso asayang'ane, muzingoyang'anana. Pamene anaphonya ndi posaona kuti mkazi amene watha tsiku akuuzira moto, maso ake amangofuna tulo.

Koma akamapitiriza kutamanda za m'ma 1970 pamaso pa anzawo, uwatumize kwa ine, poti ine zaka zimenezo sindinazionere pachithunzi. Jinzi imene mumavala masiku ano ikanakufikitsa kupolisi, chifukwa lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa mkazi kuvala thalauza kapena siketi yoonetsa mawondo, ndipo linachoka mu 1993. Amuna a tsitsi lalitali ankametedwa asakufuna. Pakhomo la msika ankayamba akufunsa khadi la chipani usanagule ndi tomato yemwe. Zimenezo eni nyumba sazipachika pakhoma. Zokoma zinalipo, sindikana. Nthawi ya Kapalepale ikakwana mudzi wonse unkaunjikana pa wailesi imodzi, mabatire atakhala padzuwa tsiku lonse kuti abwerere mphamvu, ndipo wotsokomola ankamuyang'ana ngati wakuba. Gitala ya Daniel Kachamba ikalira, ngakhale apongozi ankagwedeza phazi mobisa pansi pa chitenje. Koma wailesi ikatsekedwa aliyense ankakagona, kupatula mkazi, amene mapoto anali akumudikirabe.

Tsopano chochita. Nkhaniyi usaiyambe ali pakati pa anzawo, kapena atangofika kuchokera kuntchito njala ili m'maso. Dikira ana agone, tiyi akhale patebulo. Yamba ndi kuthokoza, ndipo kukhale kochokera pansi pa mtima, chifukwa choyamika chilipo. Kenako simba za koloboyi ngati mmene umasimbira nthano, usachite ngati ukuwerenga mlandu kubwalo. Ukatero unene mosazungulira: “Bambo, kuja inu munapuma koma ine ndinagwira ntchito, ndipo ndinakwiya osakuuzani. Kusakuuzaniko ndinalakwa.” Adzadabwa. Mwina adzakhumudwa tsiku limodzi kapena awiri, poti palibe amene amakondwa kumva kuti mphatso yake inaluma. Asiye akhumudwe, zidzawathera. Ukakhala chete azikukweza phiri lomwelo chaka ndi chaka, mkwiyo ukuunjikana ngati phulusa, mpaka tsiku lina udzaphulika chifukwa cha supuni yosatsuka, iwo n'kumauza ankhoswe kuti sakudziwa chimene chakulowa, pamene nkhani yonse ndi ya ku Zomba.

Za Khirisimasizo uli ndi zifukwa zomveka ngakhale usanatchule za mumtima. December ndi dzinja. Nkhuni zimakhala zonyowa, misewu yadothi ya m'nkhalangomo imaterera, ndipo nkhungu ikagwa suona ndi boneti ya galimoto yomwe. Ana ang'onoang'ono ndi nyale za palafini sasiyidwa m'chipinda chimodzi. Komanso kuseri kwa Khirisimasi kwabisala January ndi fizi yake. Uwauze kuti ulendo uno wosankha ndiwe, ndipo ngati thumba lilola ndi kunyanja, kumene chambo amakuwotchera ena. Paphiri mudzabwerere awiriwiri mvula ikatha, kapena cha mu September kukayamba kufunda.

Inde, ndati mudzabwerere, usandiyang'ane choncho. Malo amene munakwiyitsana ndi bwino kukawatsuka, apo ayi dzina loti Zomba lidzakhala munga m'nyumba mwanu, likangotchulidwa pa wailesi wina n'kudzuka kupita panja. Koma ulendo uno ukayende maso ali gwa.

Kaya ndi kanyumba komweko kaya kena, musanatumize ndi tambala yomwe foni uimbe ndiwe. Chikomekome cha mkuyu; zithunzi za pa Facebook amajambula masana dzuwa likuwala, sizionetsa mmene m'bafa mumakhalira tambala akamalira. Funsa ngati pali wosamalira nyumba amene amawaza nkhuni ndi kusonkha moto wa madzi osamba, ndipo ngati palibe, akupezereni munthu woti mumulipire pa tsiku. Funsa ngati nkhuni ndi palafini zili m'kati mwa mtengo, mabulangete ndi angati, madzi akumwa amachokera kuti, galimoto yaing'ono imafika pakhomo kapena ayi, ndiponso wina akadwala usiku mumaitana ndani pa netiweki ya pachulu ija. Kukakhala kwachilendo, ndalama zonse usatumize kwa munthu amene sunamuonepo, pamene palibe ndi mmodzi yemwe womudziwa amene anagonako. Perekani chikole, zotsalazo mukafika n'kuona kuti nyumbayo ilipodi. Wosamalirayo akakutumikirani bwino, pochoka mumusiyire kangachepe m'manja mwake mwenimweni, musadzere kwa bwana wake. Ndikulankhula ngati mwana wa khukhi.

Zogula zonse mugulire mumsika wa Zomba musanakwere, poti pamwamba ukaiwala mchere waiwala basi. Ndiwo za tsiku loyamba uphikiretu kunyumba, ukangotenthetsa. Tenga tochi, ndipo kanyale ka sola ubise m'chikwama, kulibe wapolisi wa zakale amene adzakuseche. Masokosi, juzi, chipewa ndi fulasiki usaiwale. Pokwera mudzapeza anyamata m'mbali mwa msewu atanyamula timbale ta masitiroberi ndi mabulosi. Gula, nenerera pang'ono koma osawafinya, ndipo utsuke usanadye.

Moto wonse ndi wa bambo. Zimenezi mugwirizane muli kunyumba galimoto isanalizidwe, ndipo iwe manja upinde ngakhale akuyabwe chotani. Nyale ya galasi ilibe matsenga. Akweze galasi, atulutse chingwe pang'ono chabe, ayatse, atsitse galasi, kenako akweze lawi pang'onopang'ono. Ikayamba kufuka n'kudetsa galasi ndiye kuti chingwe chatalika, achibweze. Palafini asathire nyale ikuyaka, ndiponso asawaze pamoto woyaka kale pofuna kuufulumizitsa. Nsidze zimamera mochedwa, ndipo ena ataya zoposa nsidze. Nkhuni za paini zimagwira msanga koma zimathetheka ndipo sizikhalitsa, choncho mphasa ndi zovala zikhale patali, ndipo phulusa lamoto asakatayire m'masamba ouma aja. Nkhalango ya paini m'chilimwe imayaka ngati yathiridwa petulo. Nsima yoyamba ikatuluka yamitanda, udye ndithu n'kuyamikira. Unadyapo zoipa kuposa pamenepo kusukulu yogonera konko.

Apa ndiye sindikuseka. Kuzizire chotani, mbaula ya makala isagone nanu m'chipinda chotseka. Makala amatulutsa mpweya wosaoneka, wopanda fungo, umene umalowa m'magazi n'kulanda malo a mpweya wabwino. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi nseru, kenako tulo tokoma, ndipo ambiri sadzukanso. Mukamaliza kuotha muitulutse panja, ndipo ngakhale moto uli pachumuni, kazenera kamodzi kakhale kotsegula pang'ono. Wina akayamba kumva mutu weniweni, osati wako uja, tulukani panja msanga, ndipo akapanda kupeza bwino thamangirani kuchipatala.

Anyani a kumeneko ndi eni nthaka. Ukasiya zenera la kukhitchini lotsegula n'kupita kokayenda, ukapeza buledi, nthochi ndi shuga zapita, ndipo sasiya lisiti. Usawaponyere chakudya, akazolowera amalanda.

Ndipo tulukaniko m'nyumbamo! Masiku atatu paphiri lonse lija iwe unangodziwa njira ya kumgolo. Kuli damu la Mulunguzi limene limamwetsa mzinda wa Zomba, kuli mathithi a Williams, kuli dzenje la Chingwe limene akuluakulu amasimba kuti kale ankaponyamo anthu. Kumeneko ukaimirire patali ndithu, makamaka ngati nkhani ya koloboyi simunaimalize. Mutenge wokulondolerani njira, alipo anyamata amene ntchito yawo ndi yomweyo, chifukwa nkhungu ikatsika njira zonse za m'paini zimafanana. M'njiramo mudzakumana ndi amayi atasenza mitolo ya nkhuni yotalika kuposa iwo eni, akutsika phiri thukuta lili kamukamu ngakhale kukuzizira. Uwapatukire njira, uwapatse moni mwaulemu, kamera ikhale m'thumba. Amuna ako awayang'ane bwino amayi amenewo, chifukwa kwa iwo zakale zija sizinapite kulikonse.

Chovala chosambira chija usapatse mng'ono wako, December akubwera. Ndipo ukamaimba foni kwa eni nyumbawo, uwafunseko ngati akugulabe katundu. Ndili ndi simbi, makina a Singer opalasa ndi phazi, mtondo wong'aluka ndi bulangete la Chiperoni la mabowo atatu. Uwauze kuti mtengo wake ndi wa alendo, ndipo sindichotsera.

Ndine,
Azakhali ako